Usiku Umene Zitseko za Mbiri Sizitsekedwa

Pa khomo la nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana, imene ambiri amaitcha myuziyamu, pamakhala maloko aŵiri amene maso saŵaona. Loko woyamba ndi ndalama. Bambo wa ana asanu akaŵerengera mtengo wa tikiti kasanu ndi kaŵiri, amapeza kuti ndalamayo ndi ya ndiwo za sabata yathunthu, ndipo amangodutsa osacheuka. Loko wachiŵiri ndi nthaŵi. Nyumba zotere zimatsekulidwa m'maŵa pamene makolo ali ku ntchito ndipo ana ali ku sukulu, tsono zimatsekedwa madzulo pamene onsewo akuŵeruka. Zotsatira zake nzakuti mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja amaidziŵa bwino mbiri ya mzinda kupambana mwana wobadwira momwemo.

Mwezi uno tikufuna tikutengeni ku mzinda wina wakutali kumene anthu adaganiza zochotsa maloko aŵiriŵa, ngakhale kwa masiku oŵerengeka chabe. Mzindawo ndi Santo Domingo, likulu la dziko la Dominican Republic, m'nyanja ya Caribbean. Kumeneko Unduna wa Zachikhalidwe umakonza mwambo wotchedwa Noche Larga de los Museos, ndiye kuti usiku wautali wa nyumba zosungiramo zakale. Pa masiku ameneŵa, amene amaŵaika cha kumapeto kwa sabata, munthu amaloŵa m'nyumbazi osalipira, ndipo zitseko zimakhala chitsekulire mpaka usiku kwambiri.

Kumene mwambowu udachokera

Nzeru imeneyi sidayambire ku Caribbean ai. Idayambira mu mzinda wa Berlin ku Germany m'chaka cha 1997. Kumeneko munthu ankagula tikiti imodzi imene inkamloŵetsa m'nyumba zonse usiku umenewo. Mzinda wa Buenos Aires ku Argentina udatengera mwambowu m'chaka cha 2004, ndipo m'chaka cha 2005 boma la France lidayambitsa usiku wotere umene pambuyo pake udafalikira m'maiko ambiri a ku Ulaya. Pamene mwambowu unkafalikira, mizinda yambiri idachotseratu mtengo wa tikiti, poona kuti kutalikitsa maola kokha sikungamthandize mmphaŵi.

Ku Santo Domingo usiku uli ndi ubwino winanso. Masana kumatentha, ndipo mpweya wa kunyanja umakhala wachinyezi, kotero kuti kuyenda ndi ana m'misewu ya miyala dzuŵa lili pamutu ndi ntchito yotopetsa. Koma dzuŵa likaloŵa kamphepo kamayamba kuomba, nyali zimayatsidwa pa makoma akalekale, ndipo mabanja amatuluka onse pamodzi, agogo ndi zidzukulu zomwe. Pa mabwalo pamakhala oimba, ovina ndi ochita zisudzo, pamene m'kati mwa nyumbazo ofotokozera amatsogolera anthu m'magulumagulu. Nthaŵi ya kumeneko ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 6. Motero kukamakwana pakati pa usiku ku Santo Domingo, kuno amai amakhala atasonkha kale moto wa phala.

Mzinda wa zinthu zoyamba

Dzikoli lili pa chilumba cha Hispaniola, chimene limagaŵana ndi dziko la Haiti. Haiti ali chakuzambwe, ndipo Dominican Republic ili ndi magawo aŵiri mwa atatu a chilumbacho chakuvuma. Anthu ake amalankhula Chisipanishi. Christopher Columbus adafika pa chilumbachi m'mwezi wa Disembala 1492, ndipo patangopita zaka zoŵerengeka mng'ono wake, Bartholomew, adamanga mudzi kuvuma kwa mtsinje wa Ozama, pafupi ndi pamene mtsinjewo umathira m'nyanja. M'chaka cha 1502 namondwe adaugwetsa mudziwo, ndipo bwanamkubwa Nicolás de Ovando adausamutsira kutsidya lakuzambwe. Kumeneko ndiye kuli mzinda wakale umene bungwe la UNESCO lidauika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1990.

Eni ake amanyadira kuti mzinda wao ndi wa zinthu zoyamba. Tchalitchi chachikulu chakale koposa m'maiko onse a ku America chili kumeneko, ndipo chidatha kumangidwa cha m'ma 1540. Kuli mabwinja a chipatala cha San Nicolás de Bari chimene chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1503. Sukulu yaukachenjede ya kumeneko idavomerezedwa ndi kalata ya Papa m'chaka cha 1538. Komatu mwana amene angoloŵeza zaka zimenezi, nabwerera kwao, ndiye kuti waona chigoba chokha. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuchokera ku linga kufika ku nyumba ya bwanamkubwa

Ulendo wabwino umayambira ku Fortaleza Ozama, linga la nkhondo limene lidayamba kumangidwa m'chaka cha 1502. Pakati pake pali nsanja ya miyala imene munthu akakwera amaona mtsinje, doko ndi nyanja. Kuchokera pa nsanjayi asilikali ankayang'anira zombo zoloŵa ndi zotuluka. Komabe lingali silidathe kuuteteza mzindawo m'chaka cha 1586, pamene Francis Drake wa ku England adatsitsa asilikali ake ku gombe lina chakuzambwe, nauloŵerera mzinda cha kumtunda kumene eni ake sankayembekeza. Adakhalamo pafupifupi mwezi wathunthu akuotcha nyumba, kufikira atampatsa dipo la ndalama za nthaŵi imeneyo, zotchedwa ducat, zokwana 25,000. Nsanja yomweyo idagwiranso ntchito ya ndende kwa zaka mazana ambiri.

Potuluka pa chipata cha lingali munthu amapezeka mu Calle Las Damas, mseu wa madona. Dzinali lidabwera chifukwa cha akazi olemekezeka amene ankayendamo pamodzi ndi María de Toledo, mkazi wa Diego Columbus, mwana wa Christopher, amene adafika kudzalamulira m'chaka cha 1509. Chakumpoto kwa mseuwu kuli Museo de las Casas Reales, nyumba zachifumu m'mene munali bwalo lalikulu la milandu lokhazikitsidwa m'chaka cha 1511, ndiponso maofesi a abwanamkubwa ndi osunga chuma cha mfumu ya ku Spain. M'menemo adasungamo mapu a maulendo a Columbus, zida za nkhondo ndi mitsuko ya mankhwala. Kunja kwake kuli koloko ya mwala ya m'chaka cha 1753 imene imaloza nthaŵi ndi chithunzithunzi cha dzuŵa. Ana akaifika usiku amadabwa kupeza koloko imene yagona tulo, ndipo pamenepa kholo lanzeru limapeza poyambira phunziro.

Kutsogolo pang'ono, pa bwalo lalikulu, pali Alcázar de Colón, nyumba imene Diego Columbus adamangitsa kuyambira cha m'ma 1510. Adaimanga ndi miyala yochokera ku matanthwe a m'nyanja. Idali ndi zipinda 55, ndipo itasiyidwa kwa nthaŵi yaitali idasanduka bwinja, kufikira pamene boma lidakonza zipinda 22 m'zaka za m'ma 1950. Usiku, nyali zikaŵala pa nsanamira zake, nyumbayi imakongola zedi. Tsono pamenepo mpamene mwana ayenera kufunsidwa funso limene limatsekula mbiri yonse: kodi adasema miyala imeneyi ndani, nanga adaisenza ndani?

Eni nthaka

Adaisenza ndi anthu a mtundu wa Taíno, amene Columbus adaŵapeza pa chilumbacho ali ndi midzi yao, minda yao, ndi maufumu ao akuluakulu asanu. Asipanishi adaŵagaŵana anthuŵa monga momwe anthu amagaŵanirana ziŵeto. Msipanishi aliyense wodziŵika ankapatsidwa gulu la anthu oti amkumbire golide ndi kumlimira, iyeyo namalonjeza kuti adzaŵaphunzitsa Chikhristu. Ntchito yakalavulagaga, njala ndi nkhanza zidaŵatha anthuwo. Mfumukazi yao Anacaona idapachikidwa pa chingwe mwa lamulo la Ovando, mafumu anzake ambiri ataotchedwa m'nyumba imene adasonkhanamo kuti alandire bwanamkubwayo. Pamene boma lidachita kalembera m'chaka cha 1514, lidapeza anthu pafupifupi 26,000 okha, ndipo nthomba imene idabuka m'chaka cha 1518 idapululanso ambiri mwa otsalawo.

Pakati pa zoipa zonsezi padamveka liwu limodzi lotsutsa. M'mwezi wa Disembala 1511, wansembe wina wa chipani cha Dominican, dzina lake Antonio de Montesinos, adaimirira kulalika pamaso pa Diego Columbus ndi akuluakulu onse a mzindawo. Adaŵafunsa kuti mphamvu zozunzira anthu osalakwa adazitenga kuti, ndiponso ngati iwo sankaona kuti Ataínowo ndi anthu okhala ndi mzimu monga iwo omwe. Akuluakuluwo adapsa mtima, nalamula kuti sabata yotsatira abweze mau ake. Sabatayo itafika iye adakweranso pa gome, nabwereza zomwezo moonjeza. Nkhaniyi idafika kwa mfumu ku Spain, ndipo m'chaka cha 1512 kudatuluka Malamulo a ku Burgos ofuna kuchepetsa nkhanzazo. Malamulowo adali ofooka ndipo ambiri sadaŵatsate, komabe kuyambira pamenepo palibe amene akadanena kuti sadachenjezedwe. Chifanizo chachikulu cha Montesinos, chimene dziko la Mexico lidapereka m'chaka cha 1982, chidaimikidwa pafupi ndi doko, dzanja lili pakamwa ngati munthu wofuula.

Wofuna kuŵadziŵa bwino Ataíno amapita ku Museo del Hombre Dominicano, nyumba imene idatsekulidwa m'chaka cha 1973 pa bwalo lotchedwa Plaza de la Cultura, kunja kwa mzinda wakale. M'menemo muli nkhwangwa zao za miyala, miphika yao, timipando ta mafumu, ndi timafano tosema totchedwa cemí. Muli zipangizo zimene ankakonzera chinangwa. Iwo ankachipala chinangwa choŵaŵa, nachifinya m'thumba loluka kuti madzi aululu atuluke, kenaka nkuphika ufawo pa phale lathyathyathya. Buledi wopyapyala amene ankatuluka, wotchedwa casabe, ankakhala miyezi osaonongeka, ndipo akudyedwabe mpaka lero. M'chaka cha 2024 bungwe la UNESCO lidalemba luso limeneli pakati pa miyambo yofunika kusungidwa.

Pano mpamene mbiri yakutali imafika m'mbale mwathu. Chinangwa, chimanga ndi mbatata sizidali mbeu za kuno kwathu. Zidachokera ku maiko a ku America, ndipo zidaoloka nyanja m'zombo za Azungu, makamaka Apwitikizi. Ngakhale dzina loti mbatata lidayenda ulendo womwewo: Ataíno ankati batata, Asipanishi ndi Apwitikizi adalitola, ife nkulilandira ndi kuliongola kuti ligwirizane ndi lilime lathu. Mwana amene amanyamula mbatata yootcha popita ku sukulu amatchula tsiku ndi tsiku liwu la anthu amene maufumu ao adafafanizidwa zaka 500 zapitazo.

Zifanizo zitatu pa khomo limodzi

Kutsogolo kwa nyumba yomweyi adaimika zifanizo za anthu atatu, ndipo kholo likangofotokoza bwino za atatuŵa, ulendo wonse wapindula. Woyamba ndi Enriquillo, mfumu ya Chitaíno imene idaleredwa ndi ansembe, idadandaula ku mabwalo a milandu popanda wolabadira, ndipo m'chaka cha 1519 idathaŵira ku mapiri a Bahoruco. Asipanishi adalephera kuigonjetsa kwa zaka 14, kufikira m'chaka cha 1533 pamene adachita kupangana nayo za mtendere.

Wachiŵiri ndi Bartolomé de las Casas, Msipanishi amene poyamba adali ndi gulu lake la anthu omgwirira ntchito, koma m'chaka cha 1514 adaŵasiya, nathera moyo wake wonse akulemba ndi kulankhula poteteza eni nthaka. Mbiri yake ili ndi banga. Pofuna kupulumutsa Ataíno, iye adavomereza kuti m'malo mwao mubwere akapolo a ku Africa, ndipo atakalamba adalemba yekha kuti uphunguwo udali wolakwa kwambiri. Nkwabwino kuti achinyamata amve mbali zonse ziŵiri, kuti adziŵe kuti munthu angathe kuona bwino kuzunzika kwa mnansi mmodzi ali wakhungu pa kuzunzika kwa mnansi wina.

Wachitatu ndi Sebastián Lemba, Mwafrika amene adatengedwa ukapolo, nathaŵa cha m'ma 1532, ndipo kwa zaka pafupifupi 15 adatsogolera anzake othaŵa, akuthira nkhondo minda ya nzimbe. Adaphedwa cha m'ma 1547. Iye sadali woyamba. Pa nyengo ya Khrisimasi m'chaka cha 1521, akapolo a mtundu wa Wolof, ochokera ku dera limene lero ndi Senegal, adaukira pa munda wa nzimbe wa Diego Columbus yemwe uja. Kumeneku kudali kuukira koyamba kwakukulu kwa akapolo a ku Africa m'maiko a ku America. Motero mwana amene adachita chidwi ndi nsanamira za Alcázar amazindikira tsopano kumene kudachokera chuma cha mwini nyumbayo.

Za pansi pa nyanja

Ana aang'ono akatopa ndi za nkhondo, kuli nyumba ina imene imaŵatsitsimutsa. Pafupi ndi Alcázar pali Atarazanas Reales, nkhokwe zakale za katundu wa m'zombo, m'mene tsopano amasungamo zinthu zovuulidwa pansi pa nyanja: mizinga, ndalama, mabotolo, mbale ndi mikanda. Zina mwa izo zidachokera m'zombo ziŵiri, Guadalupe ndi Tolosa, zimene zidamira ndi namondwe pafupi ndi Samaná m'chaka cha 1724, ndipo anthu mazana ambiri adafera pamenepo. Zombozi zidanyamula mercury, chitsulo chamadzimadzi chonga chija timachiona m'kagalasi koyesera kutentha kwa thupi. Ankapita nacho ku Mexico, kumene ankachisakaniza ndi miyala yopera kuti chikoke siliva. Mphunzitsi aliyense angaone kuti m'chipinda chimodzi chotere muli phunziro la sayansi, la malonda, la nyengo ndi la mapu, ndipo mwana amaphunzira zonsezo osadziŵa kuti ali m'kalasi.

Mbiri imene agogo adaiona ndi maso

Nkosavuta kwa mtundu wa anthu kuonetsa zoipa zimene adachita alendo zaka mazana asanu zapitazo. Chovuta ndi kuonetsa zimene adachita ana a m'nyumba momwemo, pamene mboni zikali moyo. Mu mzinda wakale womwewo muli Museo Memorial de la Resistencia Dominicana, nyumba imene idatsekulidwa m'chaka cha 2011 pokumbukira anthu amene adalimbana ndi ulamuliro wankhanza. Rafael Trujillo adalamulira dzikolo kuyambira 1930 mpaka 1961. M'chaka cha 1936 likulu lidasinthidwa dzina nkukhala Ciudad Trujillo, ndipo phiri lalitali koposa m'dzikomo lidatchedwanso dzina lake. M'mwezi wa Okutobala 1937 asilikali ake adapha anthu a ku Haiti zikwi zambiri m'dera la m'malire. Otsutsa ankazunzidwa m'ndende yotchedwa La 40, ndipo ambiri sadaonekenso.

Pakati pa otsutsawo padali akazi atatu apachibale a banja la Mirabal: Patria, Minerva ndi María Teresa. Pa 25 Novembala 1960, akuchokera ku Puerto Plata kokaona amuna a aŵiri mwa iwo amene adali m'ndende, adaimitsidwa pa njira, naphedwa pamodzi ndi dalaivala wao, Rufino de la Cruz. Mitembo yao idaikidwa m'galimoto, galimotoyo nkukankhidwira kuphompho kuti zioneke ngati ngozi. Anthu sadapusitsike. Patangopita miyezi 6, pa 30 Meyi 1961, Trujillo adaomberedwa pa mseu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo chaka chomwecho mzindawo udabwezeredwa dzina lake. Mbale wao wachinai, Dedé, adalera ana amasiyewo, nasunga nyumba ya banjalo kufupi ndi Salcedo kuti ikhale chikumbutso, kufikira imfa yake m'chaka cha 2014.

M'chaka cha 1999 bungwe la United Nations lidakhazikitsa 25 Novembala kukhala tsiku lothana ndi nkhanza zochitira amai. Masiku 16 aja amene timaŵamva pa wailesi chaka ndi chaka, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, amayambira pa tsiku la imfa ya akazi atatuŵa. Ambiri a ife tayendapo pa mseu titanyamula zikwangwani pa tsikuli, ndipo nkoyenera kuti ana athu adziŵe maina a anthu amene magazi ao adalisankha.

Kuyenda kwanzeru

Tsono banja lingayende bwanji kuti lipindule pa usiku wotere? Choyamba, lisankhiretu nyumba ziŵiri kapena zitatu zokha. Chiyeso cha zinthu zaulere nchakuti munthu amafuna kuloŵa paliponse, nathamanga khomo ndi khomo, mapeto ake nkubwerera ndi miyendo yotupa ndi mutu wopanda kanthu. Chachiŵiri, lifunsiretu nyumba zimene zili zotsekula, popeza nyumba zakale zimatsekedwa nthaŵi zina kuti zikonzedwe. Chachitatu, liyambe kukali koyera. Ku Plaza de la Cultura nkoyenera kupita masana, kenaka nkutsikira ku mzinda wakale dzuŵa likupendeka, mizere isanatalike. Banja lokhala ndi ana aang'ono lisadikire kuti alonda achite kulitulutsa, makamaka ngati m'maŵa mwake ndi Lamulungu.

Chachinai, mwana aliyense apatsidwe ntchito. Wina apeze chinthu chakale koposa, wina apeze chinthu chimene chikufanana ndi cha kunyumba, wina asunge funso limodzi loti akafunse wofotokozera. Chachisanu, manja akhale kumbuyo, pakuti thukuta la zala zikwizikwi limadya ngakhale mwala. Kwa inu achinyamata tiwonjeze ichi: foni ya m'manja imajambula msanga kupambana m'mene maso amaonera. Yambani mwaima ndi kuŵerenga zimene zalembedwa pambali pa chinthucho, kujambula kubwere pambuyo. Potsiriza, pobwerera kunyumba makolo afunse ana zimene aona, ndipo agogo apatsidwe mpata wofotokoza zimene nyumbazo sizidanene. Ku Santo Domingo munthu wa zaka 80 adali kale mnyamata kapena mtsikana wozindikira pamene Trujillo ankaphedwa. Mau a akulu akoma akagonera, koma amakoma koposa akanenedwa mwana akali ndi chithunzi m'maso.

Zimene ena angatsutse

Alipo amene adzati chinthu chaulere anthu sachilemekeza. Ife tikuti usiku umenewu si waulere kwenikweni. Magetsi, alonda ndi okonza zinthuzo amalipidwa ndi msonkho, ndipo msonkhowo amapereka ndi mai wogulitsa pa msika pamodzi ndi bambo woyendetsa njinga yamoto, nthaŵi iliyonse akagula sopo kapena mafuta. Iwo adalipira kale. Usikuwo akungoloŵa m'nyumba yao.

Ena adzati khamu lalikulu limaika zinthu zakale pa ngozi, ndipo m'phokoso munthu sangaphunzire mozama. Pamenepa pali choonadi. Nchifukwa chake oyang'anira nyumba zotere ayenera kuloŵetsa anthu m'magulu aang'ono, ndipo alendo ayenera kupirira pa mzere. Nzoonanso kuti usiku umodzi sungamphunzitse munthu mbiri ya zaka 500. Koma ntchito ya usikuwo ndi kuthyola mantha. Pali anthu ambiri amene amaganiza kuti nyumba za nsanamira zazitali nza ophunzira ndi alendo oyera okha, ndipo amachita manyazi ndi nsapato zao. Mwana amene waloŵamo kamodzi atagwira dzanja la amai ake amadziŵa kuti khomo limenelo nlakenso, ndipo tsiku lina adzabwerera yekha masana, kopanda oimba, kudzaŵerenga modekha. Kuongola mtengo mpoyamba.

Chotsutsa chachitatu nchachikulu koposa. Ena amati: bwanji kuonetsa ana maunyolo ndi zipinda zozunziramo anthu? Si bwino kodi kuziiŵala? Yankho lathu nlakuti mwana amene sadauzidwe m'mene nkhanza zimayambira sangazizindikire zikamabweranso zitavala malaya atsopano. Trujillo sadayambe ndi kupha akazi atatu pa mseu wa kumapiri. Zidayamba ndi matamando opyola muyeso, zithunzi zake m'nyumba za anthu, ndi akuluakulu ophunzira amene adasankha kukhala chete. Kholo lidziŵe msinkhu wa mwana wake, lisamloŵetse wa zaka zisanu m'chipinda chimene chingamsoŵetse tulo. Koma wa zaka 15 ayenera kuona, ndipo ayenera kumva kuti pa nthaŵi iliyonse yamdima padapezeka wina wokana: wansembe pa gome, mfumu ku mapiri, kapolo m'nkhalango, amai atatu m'galimoto.

Loko wachitatu

Ambiri a ife sitidzaponda m'misewu ya Santo Domingo, koma nzeru yabwino siilipira msonkho pa malire. Ifenso tili nazo nyumba zotere: ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ya ku Karonga kumene kuli mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus, ya Chamare ku Mua, ndi mapanga a zojambula a ku Chongoni m'dera la Dedza. Tikupempha amene amaziyang'anira kuti aganizepo za tsiku limodzi pa chaka, mwina pafupi ndi 18 Meyi limene ndi tsiku la nyumba zotere pa dziko lonse, lakuti banja liloŵe popanda kulipira ndiponso anthu ataŵeruka ku ntchito.

Koma ngakhale maloko aŵiri aja atachotsedwa, patsala wachitatu amene boma lilibe kiyi wake. Ameneyo ndi mphwayi za ife makolo. Zitseko zingakhale chitsekulire mpaka tambala woyamba, koma mwana wa zaka 10 sangapite yekha. Tchuthi chikubwerachi, inu bambo ndi inu mai, patulani Loŵeruka limodzi, muŵatenge anawo pamodzi ndi agogo ao, mupite ku nyumba yosungiramo zakale imene ili pafupi nanu. Mukabwerako mutilembere, mutiuze funso limene mwana wanu adafunsa.